Mbiri ya Mpira wa Dengu ndi Kaleredwe ka Anyamata

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

 Masiku onse ndikafika pano ndikamba za manyowa, za akalozera, ndi za kusunga chimanga kuti anankafumbwe asachiononge. Lero khasu ndalisiya kunyumba, ndipo ndikamba za mpira. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kufunsana kuti, "Kodi mlangizi wa ulimi ali nayo mbali yanji pa mpira?" Tamverani ndikuuzeni. Pa nchito yanga ndiyenda midzi yambiri, ndipo chaka ndi chaka ndiona chinthu chimodzi chondidetsa nkhawa. Tikatha kukolola, kufikira mvula yoyamba, anyamata a zaka 10 mpaka 16 akaweruka ku sukulu alibe chochita. Muwapeza pa khonde la sitolo, pafupi ndi malo a mowa, kapena pansi pa mtengo alikutchova juga. Mlimi aliyense adziwa kuti munda wougoneka sukhala wopanda kanthu, umera nsongole ndi chisoso. Mnyamata ali chimodzimodzi.

Mpira umene ndinena ndi basketball, dzina lotanthauza mpira wa dengu. Ndausankha chifukwa ndi umodzi mwa masewero ochepa amene tidziwa bwino munthu amene anawapanga, chaka chake, ndi chifukwa chake. Chifukwa chakecho chinali bvuto longa lathuli: anyamata amphamvu, nyengo yopanda nchito, ndi akulu osowa chowapatsa. Nkhaniyi ndi ya ku America, koma mukaimva kufikira kumapeto mudzaona nokha chimene tingatolepo.

Mwana wamasiye wa pa munda

James Naismith anabadwa pa 6 Novembala 1861 pafupi ndi mudzi wa Almonte, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Mu 1870, iye ali ndi zaka ngati 9, atate ake ndi amai ake anafa motsatana ndi nthenda ya taifodi, nasiya ana atatu. Anawatenga agogo awo, ndipo agogowo atamwalira analeredwa ndi atsibweni awo, a Peter Young, amene anali mlimi. Chotero James anakula ndi nchito za pa munda, kuyendetsa akavalo, kutema nkhuni ndi kututa udzu wa ziweto. Sukulu anaisiyira pa njira nakagwira nchito yodula mitengo m'nkhalango zaka zingapo. Anabwerera m'kalasi ali ndi zaka ngati 20, nakhala pamodzi ndi ana aang'ono kwa iye, osachita manyazi, ndipo mu 1883 analowa pa yunivesite ya McGill ku Montreal. Pambuyo pake anaphunzira za ubusa natsiriza mu 1890, koma mpingo sanautenge. Anaganiza kuti iye angathe kuthandiza anyamata bwino koposa pa bwalo la masewero.

Ali mwana, iye ndi anzake anali ndi sewero lina la miyala. Ankaika mwala pamwamba pa thanthwe, mmodzi naulonda, ndipo enawo ankayesa kuugwetsa poponya miyala yawo. Woponya mwamphamvu, mwala wake unkapita kutali, ndipo pokautola mlonda uja ankamgwira. Ochenjera anaphunzira kuponya mofatsa, mwala nukwera m'mwamba nutsikira pa chandamale. Sewero limeneli mulisunge, chifukwa tidzalipezanso kutsogoloku.

Masiku 14 ku Springfield

Mu 1890 Naismith anapita ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku United States, ku sukulu yophunzitsa atsogoleri a bungwe la anyamata achikristu lotchedwa YMCA. Bungweli analiyambitsa ku London mu 1844 George Williams, mwana wa mlimi, amene anadza m'tauni kudzagwira nchito m'sitolo ya nsalu, naona momwe anyamata ochokera kumidzi anali kuonongekera kumeneko.

Ku Springfield, miyezi ya Disembala kufikira Malichi kunja kumazizira koopsa ndipo pansi pamadzaza chipale chofewa, kotero kuti mpira wa pa bwalo umaima. Mu 1891 pa sukulupo panali kalasi ina ya anyamata akuluakulu 18 amene anatopa ndi kuguba ndi kugwedeza zibonga m'chipinda cha masewero. Aphunzitsi awiri anawayesa nalephera. Pa msonkhano wa aphunzitsi Naismith ananena kuti cholakwa sichinali mwa anyamatawo, koma m'zimene anali kuwapatsa. Pakumva mauwa mkulu wake, Dr. Luther Gulick, anamtula kalasiyo, nampatsa masiku 14 akuti apeze sewero latsopano la m'nyumba.

Poyamba anayesa kulowetsa m'nyumba masewero odziwika kale, rugby ndi mpira wa miyendo, koma zinatha ndi kubvulazana. Masiku ali pafupi kutha anakhala pansi nayamba kuganiza monga mlimi amene alikufuna gwero la nthenda ya mbeu, osati masamba ake okha. Anafunsa kuti, kodi pa rugby anthu amagwetsana chifukwa ninji? Chifukwa wina alikuthamanga ndi mpira. Tsono akaletsa kuthamanga nawo, kugwetsana kudzasowa nchito, ndipo wogwira mpira adzayenera kupatsira mnzake. Anafunsanso kuti, kodi pa golo pamachitika chiwawa chifukwa ninji? Chifukwa golo ili chiimirire pansi, ndipo imafuna mphamvu. Pamenepo anakumbukira sewero la miyala lija. Golo ikakhala yoyang'ana kumwamba, pamwamba pa mitu ya anthu, mphamvu siidzathandiza kanthu. Wopambana adzakhala woponya mofatsa ndi mwaluso, ndipo otchinga sadzatha kuunjikana pakhomo pake.

Anapempha wosamala nyumba za sukulu, a Stebbins, kuti ampatse mabokosi awiri. Mabokosi panalibe, koma m'chipinda chosungira katundu munali madengu awiri otengera mapichesi. Naismith anawakhomera pa khonde la m'mwamba lozungulira chipindacho, limodzi uku, lina uko. Khondelo linali lotalika mapazi 10 kuchokera pansi, ndiwo mamita 3.05, ndipo muyeso umenewo sunasinthe kufikira lero.

Anasewera koyamba pa 21 Disembala 1891, anthu 9 mbali iyi, 9 mbali inayo, ndi mpira wa miyendo. Chigoli chinalowa chimodzi chokha, ndipo anagoletsa ndi William Chase. Musaganize kuti zinayenda bwino tsiku lomwelo ai. Mu 1939, ali nkhalamba, Naismith anasimba pa wailesi ya ku New York kuti anyamatawo anagwirana, kupondana ndi kumenyana zibakera pakati pa chipinda. Ena anatupa maso, wina anaguluka phewa, wina anakomoka. Iye anabvomera kuti kulakwa kunali kwake, popeza malamulo anali osakwanira, ndipo atawalimbitsa, makamaka loletsa kuthamanga ndi mpira lija, kubvulazana kunatha. Malamulo 13 anasindikizidwa pa 15 Januwale 1892 m'nyuzipepala ya sukuluyo yotchedwa The Triangle. Wophunzira wina, Frank Mahan, anati sewerolo alitche dzina la Naismith, koma mwini wake anaseka nakana, ndipo anapangana kulitcha ndi zinthu ziwiri zimene anali nazo, dengu ndi mpira.

Zina zonse zinadza pang'onopang'ono pokonza zobvuta. Dengu linali ndi pansi pake, ndiye mpira ukalowa munthu ankakwera makwerero kukautenga, kufikira anaganiza zoliboola, ndipo pambuyo pake anaika mkombero wachitsulo ndi ukonde. Oonera okhala pa khonde ankatambasula manja kuthandiza timu yawo, ndiye anaika thabwa kumbuyo kwa dengu. Pofika 1897 anakhazikitsa zoti osewera azikhala 5 mbali iliyonse.

Kufalikira kwake ndi kulakwa koyamba

Ophunzira aja atamwazikana anatenga sewerolo kumka nalo kumene anatumidwa. Linafika ku Paris mu 1893, ndi ku Tianjin, m'dziko la China, mu 1895. Mu 1892 mphunzitsi wina wamkazi, Senda Berenson, analikonza kuti liyenerane ndi asungwana a pa Smith College. Litaoloka nyanja kufika ku England, asungwana a kumeneko analisinthanso, nalembera malamulo ake mu 1901, ndipo ndilo netball. Chotero mpira umene asungwana athu a timu ya dziko lino atchuka nawo kunja uli mdzukulu wa madengu a mapichesi aja.

Koma apa pali phunziro loyamba, ndipo ndipempha kuti mulimve bwino. Zisanathe zaka zisanu, nthambi zina za YMCA zinaletsa mpirawu m'nyumba zawo. Chifukwa chake chinali chakuti chipinda chimene kale chinali kulandira anthu 50 kapena 60 nthawi imodzi, tsopano chinali m'manja mwa anthu 10 kapena 18 odziwa kusewera, enawo nangoima m'mbali. Sewero lopangidwa kuti aliyense atuluke thukuta linasanduka la akatswiri ochepa ndi oonera ambiri. Mbiri yonse yotsatira ndi ya anthu amene anayesa kukonza kulakwa kumeneku.

Mmodzi wa iwo anali Dr. Gulick yemwe uja. Mu 1903 anayambitsa ku New York bungwe la masewero la sukulu za boma. Mnyamata sankaloledwa kupikisana ngati aphunzitsi ake sanamchitire umboni wa khama m'kalasi ndi makhalidwe abwino. Ndiponso pa mipikisano ina, monga kuthamanga ndi kulumpha, sankayang'ana katswiri mmodzi, koma ankawerenga kalasi yonse pamodzi, ndipo pafupifupi onse a m'kalasimo anayenera kulowa. Motero mnyamata wothamanga anayamba kukoka mnzake wolemera miyendo kuti akaphunzire, chifukwa kugwa kwa mmodzi kunali kugwa kwa onse.

Wina anali Edwin Henderson, mphunzitsi wakuda wa ku Washington. Masiku amenewo ana akuda ndi ana a Azungu anali ndi sukulu zosiyana mumzindamo. Henderson anaphunzira mpirawu mu 1904 pa maphunziro a pa tchuthi ku Harvard, nabwera nawo kwa ana a mtundu wake. Mu 1907 anapita kukaonera mpira ku YMCA ya Azungu, ndipo anamtulutsa chifukwa cha khungu lake. Sanakhale pansi ndi kulira. Anasonkhanitsa timu ya pa YMCA ya anthu akuda ya pa 12th Street, imene inapambana matimu onse amene inakumana nawo m'nyengo ya 1909 ndi 1910. Chachikulu koposa, anaphunzitsa oimbira mpira, nakonza mipikisano ya sukulu zazing'ono ndi zazikulu, kuti mwana akule akusewera mwa dongosolo. Mmodzi wa ana amene anadzera m'manja mwake ndi Charles Drew, amene anadzakhala dokotala wotchuka pa nchito yosunga magazi othira odwala, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Ana a alimi a ku Indiana

Tsopano ndifika pa mbali imene ine monga mlangizi ndiikonda. Indiana ndi chigawo cha chimanga ndi nkhumba, ndipo palibe kwina kumene mpirawu unazika mizu msanga monga kumeneko. Zifukwa zake ndi za ulimi. Masewero ena ankagwa pa nthawi yobzala kapena yokolola, pamene mlimi sangalole mwana wake kuchoka pa munda. Mpira wa dengu unkagwa pakati, chimanga chitalowa m'nkhokwe, nthaka itauma ndi chisanu, khasu ndi pulawo zitapuma. Chachiwiri, sukulu za kumidzi zinali zazing'ono, zosatha kutulutsa anyamata 11 a msinkhu umodzi, koma 5 okha zinkawapeza. Chachitatu, mwana wa pa munda wakutali ndi anzake ankatha kukhomera mkombero pa khoma la khola la ng'ombe naphunzira yekha madzulo atatha kudyetsa ziweto.

Mpikisano wa sukulu za sekondale za chigawo chonse unayamba mu 1911, ndipo anapambana ndi a ku Crawfordsville. Kufikira 1997 sukulu zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zinkalowa mpikisano umodzi. Mu 1954 sukulu ya m'kamudzi ka Milan, ya ana 161 okha, inafika kumapeto nikumana ndi Muncie Central, sukulu yaikulu ya m'tauni. Mphunzitsi wawo, Marvin Wood, anali ndi zaka 26. Podziwa kuti anyamata ake anali aafupi, anawaphunzitsa kusunga mpira ndi kudikira mpata, osathamangira. Nthawi itatsala pang'onong'ono, Bobby Plump anaponya nulowa, ndipo Milan inapambana ndi zigoli 32 kwa 30.

Pa ulendo womwewo Milan inagonjetsa sukulu ya ana akuda okhaokha ya ku Indianapolis yotchedwa Crispus Attucks. M'timu imeneyo munali mnyamata dzina lake Oscar Robertson. Kwawo kunali kosauka kotero kuti mpira sanathe kugula, ndipo anaphunzira poponya nsanza zomanga ndi malabala m'dengu la mapichesi kuseri kwa nyumba, monga momwe ana athu achitira ndi chikulunga. Chaka chotsatira, 1955, Crispus Attucks inatenga chikho, nitenganso mu 1956 osagonja ndi kamodzi komwe, ndipo Robertson anakhala mmodzi wa osewera akulu m'mbiri yonse ya mpirawu. Inu amene munena kuti tilibe zipangizo, kumbukirani nsanza zimenezo.

Benchi ya ku Harlem ndi mkombero wotsitsa

Ku New York, m'dera la anthu akuda la Harlem, kunali munthu dzina lake Holcombe Rucker, wobadwa mu 1926. Atabwera ku nkhondo analembedwa nchito yoyang'anira kabwalo ka masewero a ana, nchito ya malipiro ochepa. Pofika 1950 anali atayamba mpikisano wa mpira wa dengu wa miyezi ya tchuthi, pamene ana a m'misewu analibe kolowera. Ofesi yake inali benchi ya pa bwalopo. Mnyamata wofuna kusewera ankayamba waonetsa lipoti lake la ku sukulu, ndipo Rucker ankakhala naye pa benchipo kumthandiza kuwerenga. Anyamata mazana ambiri anawapezera malo ndi thandizo la fizi m'makoleji. Iye mwini sanalalike zimene sanachite: anabwerera ku sukulu ali bambo wa ana, nalandira digiri mu 1962, nayamba kuphunzitsa Chingerezi. Anamwalira ndi khansa mu 1965, ndipo mu 1974 bwalo la pa 155th Street analitcha dzina lake. Akatswiri monga Wilt Chamberlain, Kareem Abdul-Jabbar ndi Julius Erving anasewera m'mipikisano yotchedwa dzina la munthu ameneyu.

Mu 1951 Jay Archer wa ku Scranton, m'chigawo cha Pennsylvania, anaona chinthu chimene akulu onse anali kuchipitirira. Mwana wa zaka 9 sangafikitse mpira waukulu pa mapazi 10; amangokankha ndi thupi lonse, naphunzira kuponya moipa, kenaka nagwa ulesi. Archer anatsitsa mkombero kufika mapazi 8 ndi theka, nachepetsa mpira, nakonza mpikisano wa ana osapitirira zaka 12, umene anautcha Biddy Basketball. Ife alimi tichidziwa chimenechi, pakuti mwana wophunzira kulima sitimpatsa khasu la atate wake.

Chaka chomwecho cha 1951 chinaonetsanso mbali yoipa. Timu ya City College ya ku New York inali itatenga zikho ziwiri zazikulu za makoleji mu 1950. Kenaka kunadziwika kuti osewera ena anali kulandira ndalama kwa anthu a juga kuti achepetse dala zigoli. Pofufuza anapeza osewera 32 a m'makoleji 7, ndipo ena anamangidwa. Anali ana abwino pa chiyambi, koma akulu anayang'ana chikho naiwala mwana. Masiku ano, pamene juga ya mpira ilowa m'thumba la mnyamata kudzera pa foni, nkhani imeneyi siyenera kuiwalika.

Zimene ndinalakwa ine

Ndisakambe za eni okha, ndikuuzeninso zanga. Zaka zinai zapitazo, m'dera limene ndigwira nchito, ndinali ndi gulu la anyamata a sukulu olima dimba la ndiwo zamasamba. Kuti asamwazikane tikatha kuthirira, tinasalaza malo pafupi ndi dimbalo, tinazika mitengo iwiri ya bulugama, ndipo mmisiri wa zitsulo anatipindira mikombero ya mainchesi 18. Mwezi woyamba kunabwera anyamata oposa 40.

Pamenepo ndinachita kulakwa komwe kuja kwa zaka za m'ma 1890. Anzathu a tsidya lina anatiitana kuti tikapikisane, ndipo ine, pofuna kupambana, ndinasankha anyamata 8 aatali ndi kutha nawo madzulo onse. Enawo ankakhala pa chulu kuonera. Patatha masabata atatu anatsala 12. Mwa ochokawo munali kamnyamata kena kakafupi, ka zaka 13, kamene kankafika koyamba tsiku lililonse ndi kusesa bwalo. Ine sindinazindikire ndi tsiku lomwe kanaleka. Ndinadzakapeza patapita miyezi iwiri kalikunyamula mabotolo pa malo a mowa, sukulu katasiya. Ndinapita kwawo kawiri kukalankhula ndi amai ake, koma ulendo wachitatu anandiuza kuti anapita ku ganyu ku minda ya fodya. Mpikisano uja tinapambana, koma kufikira lero sindiukumbukira ndi chimwemwe.

Kulakwa kwachiwiri kunali kochititsa manyazi kwa munthu wa nchito yanga. Ndinapitiriza masewero m'mwezi wa Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira. Tsiku lina bambo wina anafika pa bwalo khasu lili pa phewa, nandifunsa pamaso pa ana kuti, "Alangizi, kodi si inu munatiuza kuti udzu ukakula masabata oyamba chimanga sichibwerera? Nanga mwana wangayu adya mpira?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ananena zoona.

Ndinapita kwa anyakwawa kukapepesa, ndipo anaitanitsa makolo. Zimene tinapangana tsiku limenelo ndizo ndikupatsani inu amene mufuna kuyamba gulu lotere, ndipo mudzaona kuti zambiri ndi zomwe anazipeza kale anthu a m'mbiri ija. Nyengo ya mpira itsate nyengo ya munda, monga ku Indiana: ife tiyamba tikatha kukolola ndi kuleka mvula ikagwa, masiku atatu pa sabata, nchito za pakhomo zitatha, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense akhale ali kwawo. Mnyamata aliyense wobwera asewere tsiku lomwelo. Tigawa matimu ambiri osakaniza odziwa ndi osadziwa, ndipo asinthana pa mphindi 10 zilizonse. Aang'ono akhale ndi mkombero wawo wotsika. Wojomba ku sukulu sasewera sabata imeneyo, ndipo aphunzitsi ndiwo atiuza. Koma sitimpirikitsa, timpatsa wezulo kapena buku lolemba zigoli kuti asatayike. Tisunga buku la maina, ndipo wosaoneka kawiri motsatana timlondola kwawo. Pa bwalo pakhale akulu awiri nthawi zonse, osati mmodzi, ndiwo osankhidwa ndi makolo, ndipo pasakhale wamkulu wotengera mwana kwa yekha. Kubetcha ndi mowa zisafike pafupi. Ndalama za mpira ndi pampu zichokera ku tomato wa m'dimba lathu, ndipo msungichuma awerenga ndalamazo poyera pamaso pa anyamata, chifukwa chinthu chimene mwana wachikhetsera thukuta sachisiya pa dzuwa. Chaka chatha maina m'buku anali 46, ndipo pofika mvula tinataya atatu okha, awiri a iwo chifukwa makolo anasamuka.

Mapeto a mwini sewero

Naismith anaphunziranso udokotala, ndipo mu 1898 anapita ku yunivesite ya Kansas kumene anakhala moyo wake wonse. Anaphunzitsa timu ya kumeneko zaka 9, napambana masewero 55 ndi kugonja 60, pakuti mtima wake unali pa kulera anthu koposa pa kuwerenga zikho. Bungwe loyang'anira mpirawu pa dziko lonse linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932, ndipo mu 1936 unalowa m'masewero a Olympic ku Berlin. Naismith anapitako ndi ndalama zimene anthu anamsonkhera, naona United States ikugonjetsa Canada, dziko la kwawo, ndi zigoli 19 kwa 8, pa bwalo la panja, mvula ilikugwa, mpira ulikukanirira m'matope. Anamwalira pa 28 Novembala 1939, wosalemera ndi sewero lake. Bungwe la maiko a mu Africa linayamba ku Cairo mu 1961, ndipo mu 1984 mnyamata wa ku Lagos, Hakeem Olajuwon, amene anayamba ngati goloboyi wa mpira wa miyendo, anasankhidwa woyamba mwa onse olowa m'mpikisano waukulu wa ku America. Mapepala awiri aja a malamulo 13 anagulidwa mu 2010 pa mtengo woposa madola 4 miliyoni.

Koma inu simusowa madola. Musowa malo osalala, mitengo iwiri, mikombero iwiri, mpira umodzi, ndi akulu awiri osatopa msanga. Akulu akale anati m'mera mpoyamba, ndiponso anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsono ndikupemphani chinthu chimodzi. Mawa madzulo, ana ataweruka, yendani kuchokera pa sukulu kufika pa sitolo, ndipo muwerenge anyamata amene mudzawapeza alibe chochita. Mukadziwa chiwerengero chawo, pitani nacho kwa anyakwawa ndi kwa aphunzitsi aakulu. Ndipo gulu likayamba, yang'anirani kwambiri kamnyamata kamene kafika koyamba ndi kusesa bwalo.

Sabata ya mawa ndidzabwerera ku nchito yanga, ndipo tidzakamba za kukonza mizere mvula isanagwe.